Njira za Kochi Winfrida

Felton Kamwendo ankadziwika ndi miyendo. Kwawo ku Ndirande ankasewera mpira kuwingi yakumanja m'timu ya m'dera, ndipo akangoukankhira kutsogolo mpirawo, womutchinga ankatsala akuwerenga nambala yakumsana. Atafika ku London miyendoyo inasowa ntchito. Anayamba kusamalira okalamba panyumba ina ku Lewisham, akugona kwa achemwali ake a Margaret, amene anali namwino pachipatala. Tsiku lonse ankayenda mwakachetechete, atagwira mkono wa gogo wina kuchoka pabedi kukafika pampando.

Tsiku lina masana mayi wina amene anadzazonda bambo ake anaiwala foni patebulo. Pamene Felton ankaiona n'kuti mayiyo atakwera kale basi. Anaitola n'kuliyatsa liwiro m'mbali mwa msewu, yunifolomu ili pathupi, ndipo basi ija itaima pasiteji yotsatira inam'peza atafika kale, akugwedeza foni m'mwamba.

Killian, wophika wa panyumbapo, anaona zonsezi ali pakhomo la khitchini. Anali mnyamata wamtali wobadwira ku London komweko, wa zikhatho ngati mafosholo.

"Loweruka m'mawa uli pa shifiti?" anafunsa m'Chingerezi Felton atabwerako.

"Ayi."

"Ubwere kupaki. Ndakhala ndikusowa munthu womuponyera mpira."

Mpira wake unali wa ku America, uja wooneka ngati papaya, wosongoka uku ndi uku. Killian anali woponya m'timu ya anthu osalipidwa, mapulambala, madalaivala, ana a ku yunivesite ndi ena otero. Anam'fotokozera pa chakudya cha masana, akusuntha timabotolo ta mchere ndi tsabola patebulo. Iye amaima kumbuyo kwa khoma la anthu ojintcha, n'kuponyera mpira othamanga otchedwa marisiva. Risiva aliyense amakhala ndi munthu womulonda kuti asauwakhe. Felton anamwetulira. Kuthamanga n'kusiya munthu kumbuyo inali ntchito yake kuyambira ali mwana.

Loweruka lija, mu Febuluwale, udzu wa kupaki unali mbuu ndi chisanu. Anam'bwereka helemeti ndi zotchinga mapewa zonunkha thukuta la mwini wake. Pothamanga anawasiya onse kutali, ena mpaka anaimba mluzu. Kenako Killian anamuuza kuti athamange, akafika pakoni yachiwiri mwa zizindikiro zapulasitiki zimene anaika paudzu akhotere kunja. Felton ananyamuka, anaona kuti pakati pa bwalo palibe munthu, n'kulowera komweko dzanja lili m'mwamba, monga ankachitira ku Ndirande. Mpira unakagwera pafupi ndi koni ija, kopanda aliyense. Ulendo wachiwiri anakhotadi, koma mozungulira ngati basi pa raundabauti, ndipo womulonda, bambo wadazi wa mimba yake, anangodula njira n'kuuwakha mpira patsogolo pake.

Wezulo inalira.

Woiimbayo anali mayi wamfupi, wathupi lolimba, wovala jekete lakuda. Ankatsimphina pang'ono, ndipo bondo lake lamanzere linali m'chomangira chazitsulo chovalira pamwamba pa thalauza. Anam'funsa dzina m'Chingerezi.

"Felton Kamwendo."

Mayiyo anakweza nsidze. "Kamwendo? Ndimwe ba ku Malawi?"

Felton anadzidzimuka. Chilankhulo chimenechi ankachimva kunyumba ndi kutchalitchi kokha. "Eya, mayi. Inunso?"

"Chipata. Koma ninakulila ku Lusaka, mu Chilenje. Ndine Winfrida, nipunzisa marisiva pano. Liwilo muli nalo maningi, ba Felton. Manje nifuna nione ngati mungaimike muntu alibe bondo."

Anavula jekete n'kuvala magolovesi. "Imani apa. Imwe ndimwe olonda, ine risiva. Musanileke nigwile bola."

Felton anacheukira anzake, akuganiza kuti ndi nthabwala. Palibe ankaseka. Onse anali atasiya zimene ankachita n'kudzaima mozungulira, nkhope zili ngwee ngati anthu oyembekezera nyimbo imene amaikonda.

Killian anafuula, Winfrida n'kunyamuka. Sanathamange kwambiri. Analunjika kwa Felton maso ali m'maso mwake, mpaka anatsala pang'ono kumuponda zala. Mutu ndi phewa zinapendekera kumanja, phazi n'kugunda pansi, ndipo Felton analumphira komweko. Pamene ankazindikira, mayiyo anali mbali inayo, mpira uli m'manja. Ulendo wachiwiri Felton anati sanyengedwanso. Winfrida anabwera akupalasa mikono ngati akupita kutali, Felton n'kutembenuka kuti athamange naye. Mayiyo anangotsika m'chiuno, timasitepe tiwiri tating'ono, n'kubwerera, ndipo mpira unali utafika kale pachifuwa pake. Ulendo wachitatu Felton anakumbatira mphepo n'kukhala pansi m'matope.

Anayamba kuseka ali pansi pomwepo. Manyazi analipo, koma chimene chinam'gwira kwambiri chinali kukongola kwa zimene anaona.

"Kochi, mwachita bwanji zimenezi?"

"Nakunamizani chabe," anatero Winfrida akum'patsa dzanja. "Mapewa akamba vina, phazi ichita vina. Mukafuna, nizakupunzisani."

Atatha maphunziro tsiku limenelo, Felton anaona mayiyo atakhala pabenchi akukulunga bondo ndi thumba la madzi oundana. Sam, pulambala wa zaka zoposa makumi anayi amene anali risiva wakale kwambiri m'timumo, ndiye anam'fotokozera. Winfrida anabwera ku London ali mtsikana, anasewera zaka zambiri m'timu ya amayi, ndipo bondo lija linaduka mitsempha kawiri. Masiku a ntchito ankaphunzitsa masewera pasukulu ina ya sekondale ku Peckham. Atangofika kutimu kuno amuna ena anachoka, amvekere sangaphunzitsidwe ndi mkazi. Otsalawo sanamuonepo atajomba Loweruka ngakhale limodzi, kugwe mvula, kugwe chipale.

"Zimene wakuchitazi sachitira aliyense," anatero Sam. "Bondo limenelo litupa mpaka Lolemba. Wakuona kuti ukhoza kukhala m'timu muno."

Felton anakhaladi. Chinthu choyamba chimene Winfrida anam'landa chinali ufulu wothamangira kumene waona mpata. Anamuuza kuti Killian saponyera munthu, amaponyera malo, ndipo mpira umachoka m'dzanja lake risiva asanatembenuke n'komwe. Njira ndi pangano. Ukaisintha wekha, mnzako wamuchititsa manyazi pagulu. Chachiwiri chinali kaimidwe: phazi limodzi patsogolo, thupi litawerama pang'ono, kulemera konse kuli pa phazi lakutsogololo kuti ponyamuka usayambe wabwerera m'mbuyo. Felton anali ndi kachizolowezi kokankha phazi m'mbuyo asananyamuke, ndipo Winfrida anaika botolo la madzi kuseri kwa chidendene chake. Likagwa, ayambirenso. Linagwa m'mawa wonse.

Kenako inabwera nkhani yokhota, imene inatenga mwezi wa Malichi wathunthu.

"Njila zako zonse ziyambe chimozimozi," ankatero Winfrida. Apa n'kuti atasiya kale zomutchula kuti imwe. "Wamene akulonda asaziwe ngati uyenda kutali olo uzakhota. Ukayamba kuchepesa liwilo ukali kutali, wamuuza. Ukayangana kwamene ufuna kuyenda, wamuuza. Ukanyamula mutu monga nkhuku ikumwa manzi, wamuuza futi."

"Nanga ndiima bwanji ndili pa liwiro lonse?"

"Na matako. Khala pansi monga pali mpando kumbuyo. Chifuba pamwamba pa maondo, mikono isaleke kusebenza. Manje gunda phazi ya kunja, ukankhe. Kona ikhale kona."

Ankawonetsa pang'onopang'ono, akuyenda, ndipo ngakhale poyenda pomwepo munthu ankaona pamene thupi lake lasiya njira ina n'kutenga ina, mopanda kutaya ngakhale kaphazi kamodzi. Felton ankamuyang'ana mapazi osaphethira. Ku Ndirande anaonapo anthu odziwa kunyenga ndi mpira kumwendo, koma uyu ankanyenga wopanda kalikonse m'manja, ndi nkhope yokha ndi mapewa.

Winfrida ankajambula aliyense pafoni, ndipo Lamlungu masana risiva aliyense ankalandira kanema wake ndi uthenga wamawu. Wa Felton unkabwera m'Chinyanja cha ku Lusaka, ndipo a Margaret ankaumvera limodzi ali kukhitchini, akuseka kalankhulidweko. Sanali munthu woyamikira chisawawa. Akati "apo wayesako," Felton ankaumvera uthengawo mobwerezabwereza ali m'basi.

Anayamba kuyeserera paliponse. Nthawi yopuma kuntchito ankapita poimika magalimoto, kumakhota pamizere yoyera, okalamba atatsamira mawindo a chipinda chochezera. Gogo wina wamwamuna, amene sankalankhula ndi aliyense, ankagogoda galasi ndi ndodo Felton akaterereka. Kunyumba a Margaret anamuletsa atagunda furiji ndi phewa.

Pofika mu Epulo anali ataphunzira njira zingapo, ndipo imene ankaikonda inali yotchedwa silanti: masitepe atatu molunjika, kugunda phazi, n'kudulira m'kati mopingasa. Ndi njira yaifupi, mpira umabwera msanga, koma imakulowetsa pakati pa bwalo pamene pamaima anthu akuluakulu amene ntchito yawo ndi kugwetsa anzawo.

Masewero oyamba anachitikira pabwalo lawo lomwe. Chigawo chachiwiri chili m'kati, Killian anaitana silanti. Felton ananyamuka, anakhota, anaona mpira ukubwera n'kutambasula manja. Anaukhudza chabe. China chake cholemera ngati thumba la simenti chinamuomba m'nthiti, dziko linatembenuka, ndipo anapezeka chagada akuyang'ana mitambo, mpweya ukukana kulowa. Mpira unali utatengedwa ndi a timu ina.

Nkhope yoyamba imene anaiona inali ya Winfrida, atagwada pa bondo labwino lija. "Osanyamuka. Pema pang'ono pang'ono. Niyangane ine."

Nthiti sizinathyoke, koma zinatupa n'kuda. A Margaret ataziona madzulo ake sanakweze mawu, ndipo Felton anadziwa kuti zavuta.

"Iwe, pepala lokhalira m'dziko muno unalipeza chifukwa cha ntchito ija," anatero akumumata mankhwala. "Ntchito yako ndi yonyamula anthu. Ukathyoka msana uwanyamula ndi chiyani? Amayi ndikawauza kuti chiyani? Kuti ndinakuitanitsa kuno kuti azungu azidzakugunda Lamlungu lililonse?"

Felton anavala malaya ake. Kuntchito anam'patsa zopepuka kwa kanthawi, kupereka tiyi ndi kupinda zovala, ndipo ankaona anzake akunyamula gawo lake.

Atachira anabwerera kupaki, a Margaret asakufuna. Koma amene anabwerera sanali Felton uja. Njira zakunja ankazithamanga bwino. Ikangoitanidwa silanti, mapazi ankalemera, kona inkasanduka uta, maso ankachoka pa mpira n'kumasakasaka amene akubwera kudzam'gunda. Mipira inkam'dutsa m'manja. Killian anayamba kuyang'ana kwina.

Winfrida sanam'kalipire pagulu. Anadikira kuti ena apite, n'kumuitanira pabenchi. Anatulutsa foni n'kumuonetsa kanema wa tsiku lija, amene Felton anali asanafune kumuona.

"Penda mapazi yako," anatero akuyendetsa chithunzicho pang'onopang'ono ndi chala.

Felton anawerenga. Sanali atatu. Chifukwa cha phuma anali atapitirira, kenako n'kukhota mozungulira, ndipo uta umenewo ndi umene unam'pereka m'manja mwa chimunthu chimene chinam'gunda chija. Winfrida anaimitsa kanema n'kuloza malo ena opanda munthu, kufupi ndi pamene ananyamukira.

"Bola inafunika ikupeze apa. Apa uyu muntu akali kutali. Unamupasa nthawi iwe wekha."

"Ndiye ndikathamanga bwino sandigunda?"

"Azakugunda," anatero Winfrida mosazengereza. "Siningakunamize. Koma azakupeza bola uli nayo kale, wamuona, wazipinda. Kugundiwa kwamene wakuona na kwamene sunakuone ni vintu viwili." Anasisita bondo. "Mantha ni yabwino, Felton. Ine nikali nayo, olo nikungoyangana chabe. Manje ifunika uipase nchito. Ikuuze kuti khota msanga, osati khota pang'ono pang'ono."

Kuyambira tsiku limenelo ankatsala atatu, iye, Winfrida ndi Sam, ndipo Killian akakhala kuti alibe shifiti ankatsala nawo. Sam ankanyamula chipilo chachikulu chophunzirira n'kuima pakati. Felton akawakha mpira, Sam ankamuomba nacho, poyamba mofewa, kenako mwamphamvu. Winfrida ankaima pambali akubwereza zomwezomwezo: maso pa mpira mpaka ulowe m'manja, ukokere kunthiti, chigongono chitseke, phewa litsike. Akaona kuti palibenso kopita, agwe yekha pansi ndi mpira wake, palibe manyazi.

Lamlungu lina lopanda masewero, Felton ndi achemwali ake akutuluka m'tchalitchi ku Peckham, anapeza Winfrida ataima panja pafupi ndi shopu yogulitsa nsomba zouma ndi ufa. Anali atavala diresi la chitenje, ndipo Felton anatsala pang'ono kusamuzindikira.

"Ndimwe ba Margaret? Ine ndine Winfrida. Nabwela kuti munikalipile pamaso."

A Margaret anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kubondo. "Ndinu amene mukufuna kundiphera mlongo wanga?"

"Ndine."

Anakalowa m'kanyumba ka tiyi pafupi ndi siteshoni. Felton ankayembekezera kuti kochi ayamba kunyengerera, kunena kuti masewerowa ndi otetezeka. Sanatero. Anafotokoza za bondo lake, mmene linadukira, miyezi imene anayenda ndi ndodo, ndi ntchito ina imene inam'pita chifukwa cha zimenezo. Anati nkhawa ya a Margaret ndi yoona, ndipo iye sangalonjeze kuti Felton sadzavulala. Chimene angalonjeze n'chakuti sadzamulowetsa m'bwalo tsiku limene waona kuti mutu kapena thupi lake silili bwino, ngakhale timu ikhale ikuluza. Ananenanso kuti ulipo mtundu wina wa mpira womwewu wosagwetsana, wongosolola kansalu m'chiuno, ndipo njira zake ndi zomwezo. Ngati Felton angasankhe umenewo, iye mwini adzam'perekeza kutimu ina imene akuidziwa.

"Muluza wothamanga wanu," anatero a Margaret.

"Nizaluza. Koma ni mlongosi wanu, si wanga."

A Margaret anatakasa tiyi nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kwa Felton. "Wamva wekha. Ndiwe wamkulu. Ukuti bwanji?"

"Achemwali, ndikufuna ndimalize chaka chino. Ndikaona kuti sizikuyenda, ndipita kwa kansaluko."

"Mayi awa akakuuza kuti khala pansi, ukhale pansi."

"Ndamva."

"Ndipo inu," anatero a Margaret kwa Winfrida, "mundipatse nambala yanu."

Masewero amene anthu a timuyo amawakumbukabe anachitika mu Julaye, ku Edmonton, dzuwa likuswa mtengo. Anapita pa sitima ya Overground, zikwama za zida zitadzaza pakhomo la sitima. A Margaret anali atasinthana shifiti ndi mnzawo ndipo anabwera ndi ambulera ndi kachikwama ka mabandeji, amvekere sakhulupirira za anthu ena.

Wolonda Felton tsiku limenelo anali mnyamata wamng'ono kwa iye, wopepuka miyendo, wolongolola. Asanayambe, Winfrida anakokera Felton pambali.

"Uyu mwana amazidalila. Chigawo choyamba nifuna umuthamangise. Njila iliyonse, olo bola siibwela kuli iwe, uyende monga nyumba yapsa. Umupunzise kukuyopa."

Felton anachita zomwezo. Ankanyamuka ndi mphamvu zonse n'kumuthamangitsa mnyamatayo mpaka kumapeto a bwalo, mpira n'kupita kwa ena. Thukuta linkalowa m'maso, m'helemeti muli ngati mu uvuni. Kamodzi Killian anam'ponyera wautali, n'kupitirira pang'ono zala zake. Sanawakhe kalikonse chigawo chonsecho, koma anaona kuti mnyamata uja wasiya kulongolola, ndipo wayamba kuima chapatali, akubwerera m'mbuyo mpira usanayambe n'komwe.

Popuma Winfrida anam'patsa madzi. "Wamuona?"

"Ndamuona, Kochi."

"Manje mukolole."

Chigawo chachiwiri chitangoyamba, Killian anaitana njira yobwerera. Felton ananyamuka chimodzimodzi, mikono ikupalasa, maso kutsogolo ngati akupitanso kumapeto. Mnyamata uja anatembenuza chiuno n'kuyamba kuthawira kumbuyo. Pomwepo Felton anatsika, anamva mapazi ake akuluma udzu, anatembenuka n'kubwerera, ndipo mpira unali kale m'mlengalenga ukubwera pamalo pamene anagwirizana. Unalowa m'manja ndi kaphokoso kofewa. Womulonda anali akuterereka chapatali, dzanja limodzi pansi. Kumbali kwa bwalo kunamveka nthungululu imodzi yokha, yakuthwa, ndipo azungu onse anacheuka. Anali a Margaret, ambulera ili m'mwamba.

Anawakhanso ina iwiri yotero. Koma timu ya ku Edmonton inali yamphamvu, ndipo nthawi ikupita kumapeto inali patsogolo pang'ono. A timu ya Felton anatsala ndi mpata umodzi wokha woti asunthe mpira mayadi ochepa, apo ayi aupereke kwa eni bwalo. Atasonkhana mozungulira, Killian anayang'ana Felton kudzera m'zitsulo za helemeti.

"Silanti. Uli bwino?"

Felton anakoka lamba wa helemeti yake. Anasuzumira pakati pa bwalo n'kuona chimunthu cha nambala yaikulu chikugwedeza mikono. Anagwedeza mutu kuvomera.

Anaima pamzere, kulemera konse pa phazi lakutsogolo. Mawu a Killian anamveka. Felton analunjika paphewa lakunja la mnyamata uja, amene anatsegula thupi kuti atseke njira yakunja. Pa sitepe yachitatu phazi linagunda pansi, anadulira m'kati, mutu n'kutembenuka nthawi yomweyo. Mpira unali pomwepo. Anaupenya mpaka unalowa m'manja, anaukokera kunthiti, ndipo anapeza kuti nthawi ikadalipo yoona chimunthu chija chikubwera. Anatsitsa phewa. Kugundako kunamveka bwalo lonse, anagubuduka kawiri, koma atadzuka mpira unali m'khwapa mwake, ndipo woimbira ankaloza kutsogolo kusonyeza kuti mayadi akwana.

Anayang'ana kumbali. Winfrida sanalumphe kapena kufuula. Anangokweza chibakera chimodzi kufika paphewa, n'kutembenukira kwa amene ankalowa m'bwalo.

Sanapambane. Mpira womaliza, umene Killian anaponyera Sam pakona, unagundidwa ndi dzanja la wolonda n'kugwera kunja. Anthu anagona paudzu, ena akutukwana chapansipansi. Winfrida anayenda kwa risiva aliyense, kumugwira helemeti ndi manja awiri n'kumuuza kanthu kake. Kwa Sam anakhalitsa.

Pobwerera m'sitima munali phee. A Margaret anali atam'pinda Felton malaya pasiteshoni pomwe, anthu akuona, n'kumudina nthiti imodziimodzi mpaka anakhutira. Tsopano ankasinza, mutu utatsamira galasi. Winfrida anakhala moyang'anana ndi Felton, mwendo utatambasulidwa m'kanjira.

"Nifuna ukazimvele kuli ine, osati kuli Sam," anatero motsitsa mawu. "Kuli timu ya bakazi yamene iyamba kuno ku north. Bana bang'ono, benangu sibanagwilepo bola. Banipempha nikankhale kochi mukulu. Navomela. Nizayamba mu Januwale."

Felton anamva ngati am'gundanso. "Nanga ife?"

"Imwe muli na Sam. Maondo yake yasila, chaka chamawa azayamba kupunzisa. Aziwa vonse vamene niziwa, ni ulesi chabe wokamba."

"Si chimodzimodzi, Kochi."

"Niziwa."

Sitima inaima, anthu anatsika, ena anakwera. Felton ankayang'ana madenga a nyumba akudutsa pawindo. Ankafuna kunena zambiri, za mmene Loweruka linasinthira sabata yake yonse m'dziko lozizirali, koma mawu ake ankaoneka aakulu kwambiri kuti awanene m'sitima. Anaganiza za atsikana akumpotowo, amene sankadziwa n'komwe kuti akubwera ndi ndani, ndipo anawachitira kaduka pang'ono.

"Ali ndi mwayi anthu amenewo," anatero pomaliza.

Winfrida anaseka. "Uzabafunsa mu Malichi ngati bazavomela." Anatulutsa foni m'thumba n'kusunthira kumpando wa pafupi naye. "Bwela uone. Season ikalibe kusila. Ija yobwelela yachiwili, kumanzele, unanyamuka msanga. Wamene aziwa nchito sembe anakudyela."

Felton anawerama n'kuyang'ana. Zinali zoona, chifuwa chinadzuka phazi lisanagunde. Anapempha kuti abwezenso kanemayo, ndipo anali akuonerabe pamene a Margaret anadzidzimuka n'kufunsa ngati sanapitirire posinthira sitima.